Nkhope ya pa Chikwangwani Njandani?

Mwera ukavuta ku Senga Bay maboti amagona pamchenga, ndipo pamene nsomba zasowa m'pamene nkhani zimachuluka. Loweruka lomwe ndinafika kwathuko, nyanja inali itakwiya kuyambira usiku. Pa mathandala oyanikapo usipa panali pululu. Amayi ogula nsomba anangokhala pa mabeseni awo ovundikira, alovi atayala chilimira pansi pa mtengo n'kumasoka mong'ambika. Chilumba cha Namalenje chinkaoneka n'kubisikanso kuseri kwa mafunde. Pambali pa osoka ukondewo panali bawo, koma palibe ankatakata. Nkhomo zinangokhala m'maenje. Onse anali pa mkangano, ndipo gwero lake linali pepala lomatidwa pakhoma la golosale ina ya pamsika.

Papepalapo pali mnyamata ali m'malere, mpira uli pamphumi, mchenga ukuyoyoka kumapazi. M'munsi mwake mwalembedwa dzina la golosaleyo ndi mitengo ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Mnyamatayo ndi mwana wa mlongo wanga. Amaphunzira za magetsi pa koleji ina ku Lilongwe, amasewera kutsogolo m'timu ya kolejiyo, ndipo akabwera kutchuthi sasowa pa mpira wapamchenga. Chithunzicho anamujambula ndi mnzake pafoni, iye n'kuchiika pa Facebook. Mwini golosale anachitola pomwepo, osapempha. Mwanayo atapita kukafunsa mwaulemu, anamupatsa tisheti ndi mayunitsi, n'kumuuza kuti azithokoza chifukwa tsopano watchuka.

Amalume anga, omwe kwa mnyamatayo ndi agogo, ankasoka ukonde osadzutsa mutu. Anakalambira panyanja, ndipo pa unyamata wawo anali siginala, woitana usipa ndi nyali usiku, wodziwika pagombe lonseli.

“Nanga ukufunanso chiyani, iwe?” anatero. “Kusukulu unapita kukaphunzira kapena kukagulitsa nkhope? Mapanga awiri avumbwitsa. Mwana wasukulu akalawa ndalama, kope limayamba kumulemera.”

“Agogo, sukulu sindikuikana,” anayankha mnyamatayo atawerama pang'ono. “Koma fizi ya teremu ino amayi sanamalize. Shuga wa bambo aja akuyenda ndi nkhope yanga. Ine ndalakwa chiyani kupempha kanga?”

Apa m'pamene mlovi wina wachinyamata anakweza foni yake m'mwamba, n'kunena kuti ku America ana a m'makoleji akulandira mamiliyoni chifukwa cha nkhope zawo. Gulu linagawikana pawiri. Ena ankati ndiye chilungamo chimenecho. Ena ankati n'zomwe zaononga masewera kumeneko, tisatengere.

Mloviyo sananame, kungoti nkhaniyo anaiyambira pakati. Ku America masewera a m'makoleji si zibwana. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu oposa 100,000, kuposa kawiri bwalo lathu la Bingu ku Lilongwe. Mu 2010 nyumba za kanema za CBS ndi Turner zinalonjeza madola 10.8 biliyoni kuti zizionetsa kwa zaka 14 mpikisano wa basketball wa makoleji, uja amautcha March Madness. Mphunzitsi ngati Nick Saban wa ku Alabama ankalandira madola oposa 10 miliyoni pachaka. Koma bungwe loyendetsa masewerawa, NCAA, linakakamira kwa zaka zambirimbiri kuti wosewera ndi mwana wasukulu basi: alipiriridwe fizi, malo ogona ndi chakudya, zithere pomwepo. Akalandira kanthu chifukwa cha dzina lake, ngakhale posainira sapota pa jezi, ankamuletsa kusewera.

Lamuloli linaluma ambiri. Reggie Bush, yemwe mu 2005 analandira chikho cha Heisman choperekedwa kwa katswiri woposa onse pa mpira wa ku America m'makoleji, anachibweza mu 2010 zitadziwika kuti iye ndi makolo ake analandira ndalama ndi mphatso kuchokera kwa anthu ofuna kudzamuimirira. Anadzamubwezera chikhocho mu 2024, dziko litasintha maganizo. Mu 2017 Donald De La Haye wa ku yunivesite ya Central Florida anauzidwa kuti asankhe pakati pa malo ake m'timu ndi ndalama zomwe ankapeza pa makanema ake a pa YouTube. Anasankha makanemawo, malo ake n'kutayika.

Koma nkhani yomwe inandikumbutsa kwambiri pepala la pagolosale lija ndi ya Ed O'Bannon. Iyeyu anatsogolera timu ya UCLA kutenga chikho cha basketball mu 1995. Patadutsa zaka, masiku osewera atatha, akugwira ntchito yogulitsa galimoto, anapita kukacheza kwa mnzake n'kupeza mwana akusewera gemu ya pakanema. M'gemumo munali munthu wadazi, woponya ndi dzanja lamanzere, wovala nambala 31, m'jezi ya UCLA. Anali iye. Palibe anamupempha, palibe anamupatsa kanthu. Mu 2009 anakasuma, ndipo mu 2014 woweruza Claudia Wilken anagamula kuti malamulo a NCAA pa nkhaniyi akuphwanya lamulo loletsa mabungwe kugwirizana pofinya mitengo.

Kuchokera apo khoma linayamba kugumuka. Mu 2019 chigawo cha California chinakhazikitsa lamulo lolola osewera a m'makoleji kupeza ndalama pa dzina ndi chithunzi chawo. Mu June 2021 khoti lalikulu la dzikolo, oweruza onse 9 mogwirizana, linagamula motsutsa NCAA pa mlandu wa Alston, wokhudza thandizo la maphunziro lomwe makoleji angapereke kwa osewera. Pa 1 July chaka chomwecho NCAA inagonja, n'kulola zomwe kumeneko amangozitchula mwachidule kuti NIL, kutanthauza dzina, chithunzi ndi chifaniziro cha wosewera. Mtsikana ngati Caitlin Clark, akadali wophunzira ku Iowa, anayamba kutsatsa malonda a Nike, Gatorade ndi State Farm. Ndipo mu June 2025 woweruza Wilken yemwe uja anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wina waukulu: pafupifupi madola 2.8 biliyoni apite kwa osewera omwe anamanidwa m'mbuyomu, komanso koleji iliyonse izitha kugawira osewera ake mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba.

Masapota akumeneko mpaka lero sakumvana, ndipo odandaulawo si ansanje okhaokha. Amati kale mwana ankakhala zaka zinayi pa koleji imodzi, sapota n'kumudziwa ngati wapabanja. Lero amasamuka chaka ndi chaka kutsata komwe thumba lakula. Amati magulu a anthu olemera okonda timu amasonkha ndalama n'kumazitcha zotsatsira malonda, pamene aliyense akudziwa kuti akugula osewera. Amati makoleji ang'onoang'ono asanduka nazale, kulera mbande zomwe akuluakulu amadzazula zikangophuka. Mu April 2025 Nico Iamaleava anachoka ku Tennessee pakati pa mkangano wa ndalama n'kupita ku UCLA, ndipo masapota ambiri anamuona ngati wothawa nkhondo. Walira mvula walira matope, ndipo matopewo ku America alipodi.

Palinso chitsanzo china chomwe ndikufuna tichisunge, chifukwa tidzachifuna tikabwerera kugombe. Mu September 2024 Matthew Sluka anasiya timu ya UNLV itapambana masewera atatu oyambirira. Womuimirira ananena kuti mnyamatayo analonjezedwa madola 100,000 pakamwa, popanda cholembedwa, ndipo ndalamazo sizinabwere. Ngakhale m'dziko lodzaza ndi maloya, lonjezo lapakamwa linauluka ngati fodya wa pachala.

Chomwe mlovi wa foni uja sanadziwe n'choti mwana wa ku Malawi akapita kukasewera ku koleji ya ku America, phwandoli amalionera pazenera. Ophunzira ochokera kunja amakhala kumeneko pa chiphaso cha F-1, chomwe chimaletsa kugwira ntchito zambiri zolipidwa, ndipo kutsatsa malonda uli m'dzikomo kungathe kuonedwa ngati ntchito. Oscar Tshiebwe, mnyamata wa ku Lubumbashi m'dziko la Congo, anali katswiri woposa onse pa basketball ya makoleji mu 2022 ali ku Kentucky, koma anachita kudikira ulendo wa timu yake wa ku Bahamas kuti akajambulitse zithunzi ndi kusaina katundu wa malonda ali kunja kwa America. Izi zikutikhudza, pakuti sukulu ya mpira ya Ascent Soccer ya ku Lilongwe yatumizako kale anyamata ndi atsikana kukaphunzira ndi kusewera. Iwo akupeza maphunziro, chomwe n'chinthu chachikulu, koma anzawo omwe akuvala nawo jezi imodzi akupezanso ndalama.

Tsono tibwerere kwathu. Munthu akhoza kunena kuti kukambirana za mamiliyoni a madola pagombe pomwe usipa wasowa n'kutaya nthawi. Masewera a m'makoleji athu, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la TESSAM, saonetsedwa pakanema sabata ndi sabata. Mipikisano ya m'masukulu ya MASSA imaseweredwa pa mabwalo afumbi, mizere yojambula ndi phulusa kapena laimu. Ngakhale mu Super League, yomwe TNM inayamba kuithandiza mu 2007, nkhani ya osewera kunyanyala chifukwa cha gemu bonasi yosalipidwa siyachilendo. Akuluakulu amakumbukira UFC, timu ya yunivesite ya Malawi yomwe inkalimbana ndi Bullets ndi Wanderers. Achinyamata amakumbukira Mzuni FC, yomwe inafika mu ligi yaikulu, kenako yunivesite ya Mzuzu itaisiya inasintha dzina kukhala Mzuzu Warriors. Makoleji athu sapeza phindu pa mpira. Amachita kuupereka nsembe kuchokera m'thumba lobooka kale.

Zonsezi n'zoona. Koma ndikukana kuti popeza ndalamazo n'zochepa ndiye kuti nkhaniyo ndi yaing'ono. Kwa mwana yemwe akudikira ngongole ya boma ya ophunzira, kapena yemwe dzina lake silinatuluke n'komwe pa mndandanda wa olandira, ndalama yogulira thumba la chimanga ndi kulipira lendi ya mwezi umodzi ndi imene imasiyanitsa kulemba mayeso ndi kubwerera kumudzi. Chaka ndi chaka nyuzipepala zathu zimalemba za ophunzira omwe asiya sukulu panjira chifukwa cha fizi. Vuto la ku America n'lakuti ndalama zachuluka mpaka zasokoneza masewera. Vuto lathu n'lakuti nkhope ya mwana imatengedwa ulere, iye n'kuuzidwa kuti athokoze.

Ndipo imatengedwadi. Tayang'anani bonanza iliyonse ya kumudzi, makamaka chisankho chikayandikira, monga tinaonera chisanafike cha pa 16 September 2025. Ana asukulu amathamanga dzuwa lili paliwombo, atavala yunifomu yolembedwa dzina la wofuna mpando. Zithunzi zawo zimazungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook monga umboni woti bwanayo amakonda achinyamata. Mphotho imakhala mpira umodzi, jezi ndi kandalama kogawana anthu makumi awiri. Wina akathyoka mwendo pa tsikulo, amene amathamanga naye pa kabaza kupita kuchipatala cha boma ku Salima ndi mayi ake. Kumeneko n'kutsatsa malonda kwenikweni, kungoti wotsatsayo sadziwa kuti wagwira ntchito.

Kuno ku Salima tili ndi chitsanzo chapadera cha mmene mwana wa luso amafunira chitetezo. Timu ya MAFCO, ya sukulu ya asilikali yomwe ili m'boma lino, yakhala mu Super League kwa zaka zambiri, ngakhale kuti masewera ake apakhomo akhala akukaseweredwa ku Chitowe ku Dwangwa. Pamodzi ndi Moyale, Red Lions, Kamuzu Barracks yomwe inatenga ligi mu 2016, komanso Blue Eagles ya apolisi, matimu amenewa amakoka achinyamata pa chifukwa chimodzi chomveka: mpira ukatha, ntchito imatsala. Kholo lililonse la kuno limamvetsa nzeru imeneyo. Lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Bondo la wosewera mpira lili ndi masiku owerengeka, ndipo mwana amene akufuna kupezapo kanthu nthawi idakalipo si wadyera ayi, wawerengera bwino.

Ndiye pali mchenga wathuwu. Mu 2022 timu ya dziko lino ya mpira wapamchenga inadutsa Tanzania n'kupita koyamba ku mpikisano wa mayiko a mu Africa, womwe unachitikira ku Vilankulo ku Mozambique. Pagombe la Sunbird Livingstonia pompano pamaseweredwa masewera akuluakulu, ndipo anyamata a m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ena ana a asodzi, avalapo jezi ya dziko. Malo ogona alendo, malo odyera, ogulitsa zakumwa, onse akudziwa kuti chithunzi cha mnyamata akudumpha chagada pamchenga, nyanja ili kumbuyo, chimakoka maso. Msika wa nkhope ukubwera, wayamba kale. Funso n'lakuti udzapeza ana athu akudziwa mtengo wawo kapena ayi.

Chimene chimandidabwitsa ndi maganizo akuti kulandira kanthu pa luso lako kumadetsa masewera. Maganizo amenewa si athu. Anachokera ku England wa m'zaka za m'ma 1800, komwe ana a anthu olemera ankasewera mongosangalala popeza sankasowa chakudya, ndipo ankanyoza aliyense wolandira malipiro. Mu 1895 masewera a rugby anagawikana pawiri chifukwa matimu a kumpoto kwa dzikolo, odzaza ndi ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale, ankafuna kubwezera osewera awo ndalama ya tsiku lomwe ajomba kuntchito. Jim Thorpe analandidwa mamendulo ake a golide a pa Olympics ya 1912 chifukwa m'mbuyomo analandirapo kandalama kochepa posewera baseball. Lamulo loti usalandire kanthu nthawi zonse limakomera amene ali nazo kale.

Ife tinaleredwa mwina. Pa mganda, pa beni, pa chimtali, pa gule wamkulu, wovina akakometsa bwalo munthu amadzuka n'kukamufupa, ndipo palibe amati guleyo wadetsedwa. Woimba ng'oma amafupidwa. Ngakhale pa mpira wa kumudzi, wogoletsa chigoli chokoma masapota amamuthamangira n'kumupanikiza ndalama m'manja kapena m'sokosi. Kufupa n'kuvomereza pamaso pa anthu kuti thukuta la munthuyu latisangalatsa, ndipo sitingapite kwathu ngati sitinaone. Nanga wamalonda yemwe wapindula ndi thukuta lomwelo, osati kungosangalala nalo, akhale yekhayo wosafupa?

Panyanja pomwe pano mfundoyi ndi yakale. Mwini chilimira ali ndi boti, injini ndi ukonde. Koma usiku wamdima amene amakhala yekha m'bwato ndi nyali, kale za palafini, lero mababu a batire, kuitana usipa kuti usonkhane, ndi siginala. Pogawana m'mawa, atachotsa ndalama ya mafuta, mwini zipangizo amatenga gawo lake, alovi lawo, ndipo siginala amalandira mochulukirapo chifukwa diso lake ndi limene lapeza nsomba. Palibe mwini chilimira angauze siginala kuti akhutire ndi kutchuka. Siginala wabwino amachita kulimbiranidwa, ndipo akaona kuti akuponderezedwa amasamukira kwa wina. Zomwe masapota a ku America akudandaula kuti ndi zatsopano, pagombe la Senga Bay zakhala zikuchitika kuyambira kale.

Komabe amalume anga sindingawataye, chifukwa mantha awo ali ndi mizu. Anaona anyamata omwe anasiya sukulu ali Fomu 2 atalonjezedwa timu ya mu tauni, n'kubwerera patatha zaka zitatu ndi bondo lotupa, opanda satifiketi, opanda khobidi. Pa Temwa Chawinga mmodzi, yemwe mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America ndi timu ya Kansas City Current n'kusankhidwa kukhala wosewera woposa onse, pali atsikana mazanamazana omwe luso lawo linathera pa bwalo la pulayimale. Pa Gabadinho Mhango mmodzi, yemwe chigoli chake cholimbana ndi Morocco mu January 2022 ana akuchiyeserabe pamchenga pano, pali anyamata osawerengeka omwe lero akupalasa kabaza. Aliyense wouza mwana kuti mpira udzamudyetsa moyo wonse akumunamiza.

Pali zoopsa zinanso zomwe agogowo sanazitchule, koma ine zimandisowetsa tulo. Choyamba ndi makampani a juga ya mpira, omwe afika paliponse, mpaka m'foni ya mlovi aliyense. Amenewa ndiwo ali ndi ndalama zotsatsira malonda, ndipo tsiku lomwe nkhope ya mwana wa koleji idzaikidwe pa chikwangwani chokopa anzake kubetcha, tidzakhala titagulitsa chinthu chosagulitsa. Wosewera ndi juga siziyenera kuyandikana, pakuti kuchokera pa kutsatsa kufika pa kugulitsa gemu ndi mtunda waufupi. Chachiwiri ndi atsikana. Dziko lino limadziwika kunja chifukwa cha netball. Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015. Koma tonse tikudziwa za abwana ena omwe thandizo lawo kwa mtsikana wa luso limabwera ndi zofuna zina zomwe sizinenedwa poyera. Mgwirizano wa m'chibisira, wa anthu awiri okha, ndi umene umatsegula khomo limenelo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo pali kusiyana pakati pa wophunzira wa ku koleji, yemwe ndi munthu wamkulu, ndi mwana wa ku sekondale. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Wotereyo sangadzigulitsire yekha nkhope. Pafunika kholo, ndipo pafunika malire. Nalo bungwe la FIFA limaletsa kusamutsira kunja osewera osakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'malamulo ake, chifukwa linaona ana a mu Africa akutayidwa m'misewu ya ku Ulaya ndi anthu odzitcha maejenti.

Mukaona bwino, zoopsa zonsezi sizikuchokera ku ndalama yeniyeniyo. Zikuchokera ku mdima womwe ndalamayo imayendamo. Kuletsa mwana kulandira sikuthetsa kanthu, chifukwa amalandirabe, kuseri, kuchokera kwa wandale, kwa mwini timu yomubwereka pa bonanza, kwa bwana wa zolinga zake. Zomwe kuletsa kumachita n'kumuchotsera mboni. Reggie Bush analandira nthawi imene kulandira kunali koletsedwa. Matthew Sluka sanalandire nthawi imene kunali kololedwa, chifukwa analibe pepala.

Malamulo a FIFA omwe amalemekeza pepala. Amati wosewera waganyu weniweni ndi amene ali ndi mgwirizano wolembedwa ndi timu ndipo amalandira zoposa zomwe amawononga posewera. Amatinso wosewera akagulitsidwa kunja mgwirizano wake usanathe, 5 peresenti ya mtengowo igawidwe kwa matimu omwe anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma timu ya m'mudzi yomwe sinalembetse mwanayo ku FAM singalandire kanthu, ngakhale mphunzitsi wake anamugulira nsapato zoyamba ndi ndalama ya m'thumba mwake. Kusalemba kwatidyera zambiri, osati ana okha.

Choncho chimene ndikupempha si mamiliyoni a ku America, ndipo sindikufuna kuti makoleji athu ayambe kugulana osewera. Ndikupempha chinthu chaching'ono chomwe TESSAM, FAM ndi akuluakulu oona za ophunzira m'makoleji angachite asanawononge ndalama zambiri: tsamba limodzi, la m'Chichewa chomveka, lomwe wophunzira aliyense wosewera angatenge akafuna kugwirizana ndi wamalonda. Linene kuti chithunzi chikagwiritsidwa ntchito kuti, kwa miyezi ingati, pa mtengo wanji, ndipo pasaine mboni, kaya mphunzitsi wa zamasewera kaya kholo. Likane juga ndi mowa. Linenenso kuti amene walephera mayeso mgwirizano wake uyambe waima, kuti mantha a amalume aja ayankhidwe ndi pepala lomwelo. Pagombe pano munthu sagula boti popanda mboni. Nkhope ya mwana isachepe kuposa matabwa.

Ena adzati izi zidzabweretsa nsanje m'timu, poti wamalonda adzafuna wogoletsa zigoli, osati wotchinga kumbuyo kapena goloboyi. N'zoona, ndipo palibe lamulo lingathetse zimenezo. Koma alovi amadziwa kuti siginala amalandira zambiri, ndipo amapalasabe, chifukwa kagawidweko kamachitika poyera, onse akuona. Chimene chimaswa gulu ndi envulopu yoperekedwa kuseri kwa galimoto. Timu yanzeru ikhoza kugwirizana kuti aliyense wopeza mwayi wotere aziponyako kena m'thumba la onse, logulira mipira ndi mankhwala a ovulala.

Dzuwa litapendeka, mwera unayamba kufooka. Eni maboti anayamba kuyang'ana kumwamba n'kumatumiza ana kukagula petulo. Mkangano unali utazirala, aliyense atagwira pake, pamene mkulu wina yemwe anakhala chete tsiku lonse anakumbutsa amalume za chaka china chomwe anasiya chilimira cha munthu wina pakati pa nyengo ya usipa n'kupita kwa mnzake, chifukwa woyambayo ankawabera pogawa. Anthu anaseka. Amalume sanaseke. Anamaliza mfundo yomwe ankamanga, n'kudula ulusi ndi mano, n'kukhala kaye phee akuyang'ana kunyanja.

“Ija inali ntchito yanga,” anatero potsiriza.

“Nanenso ndi miyendo yanga, agogo,” anayankha mnyamatayo motsitsa mawu.

Amalume anapinda ukonde, n'kuimirira pang'onopang'ono atagwira m'chiuno.

“Mawa tikachoka kopemphera tipitira limodzi kwa mwini golosaleyo. Utenge pepala ndi cholembera. Ine ndikakhala mboni. Koma Lolemba m'mawa ndikuone uli m'minibasi ya ku Lilongwe, wamva?”

“Ndamva, agogo.”

Mdima utagwa, maboti oyamba anakankhidwira m'madzi, injini zikulira imodzi ndi imodzi. Posakhalitsa nyali za asiginala zinayamba kuyaka kutali, kupitirira Namalenje, ndipo mnyamatayo analowa m'nyumba kukang'amba tsamba pakati pa kope lake la masamu.